Musanakumbe maziko, funsani pamene nyanja imalekezera

Mu 2024 nyanja ya Malawi inachita zimene achinyamata ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota anali asanaonepo chibadwire. Popanda namondwe, popanda chigumula chotsika m'mapiri, madzi ankangokwera pang'onopang'ono sabata ndi sabata, ndipo pofika mwezi wa Epulo anali atadutsa mamita 476 poyerekeza ndi nyanja yamchere. Analowa m'malo ogona alendo, anagwetsa mipanda, anadzaza zimbudzi, ndipo m'madoko ena matandala oyanikapo usipa anaima m'madzi. Eni malo ogona alendo anapempha kuti zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zitsegulidwe kwambiri kuti madzi aphwe msanga. Yankho la bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority linali lowawa kulimva. Kutsegula mopitirira muyezo kukanamiza anthu a kuchigwa cha Shire ndi kuika pachiswe makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ndipo bungweli linakumbutsanso kuti malo onse amene ali kunsi kwa mzere wa mamita 477 ndi a nyanja, sayenera kumangidwapo.

Okalamba athu sanadabwe kwenikweni. Iwo akukumbukira 1980, pamene madzi anafika pa mzere umenewu. Mbiri imanenanso kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri mpaka mtsinje wa Shire unasiya kutulutsa madzi, ndipo mu 1997 inatsikanso kufika cha m'ma mamita 473. Nyanja yathu imapuma ngati munthu, koma mpweya wake umodzi umatenga zaka makumi angapo. M'zaka zimene inabwerera m'mbuyo, mchenga umene inasiya unaoneka ngati malo opanda mwini. Unagulitsidwa, unadulidwa mapuloti, unamangidwa. Madzi saiwala khwawa.

Nkhani imeneyi yabweretsa pakhomo pathu funso limene ambiri tinkaliyesa la anthu a ku Blantyre ndi Lilongwe: kodi chilolezo chomangira chochokera ku khonsolo n'chofunikadi? Kale funsoli linali ndi pothawira. Lamulo la Town and Country Planning Act la 1988 linkagwira ntchito makamaka m'madera amene boma linawatchula kuti ndi oyenera kukonzedwa ndi mapulani, ndipo munthu wa kumudzi ankatha kunena kuti iye sizikumukhudza. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 linatseka pothawirapo, chifukwa linaika dziko lonse pansi pa dongosolo la mapulani. Lamuloli lili ndi ntchito zing'onozing'ono zimene limazilola popanda kupempha, ndipo nyumba wamba ya pamudzi siimene likulimbana nayo kwenikweni. Koma sitolo, chigayo, nyumba zochititsa lendi, malo ogona alendo, sukulu, mzikiti kapena madrasa, makamaka pa malo ochitira malonda monga Makawa, Monkey Bay, Chipoka, Senga Bay ndi Dwangwa, zonsezi n'zofunika chilolezo. Ambiri sadziwanso kuti kusandutsa nyumba yogona kukhala shopu, kapena kudula puloti imodzi kukhala zitatu, lamulo limakuwerenga ngati chitukuko chofunika kupempha, ngakhale munthu asanaike njerwa ndi imodzi yomwe.

Maganizo anga ndi akuti pempho la chilolezo limapambana kapena kugwa munthu asanafike pawindo la ofesi ya khonsolo. Fomu imadzazidwa m'mphindi zochepa. Chimene chimatenga miyezi, ndipo chimene chimapulumutsa chuma cha banja, ndi kukonzekera. Tsoka lake n'lakuti dongosolo limene tinazolowera kuno kunyanja limayenda chafutambuyo. Mnyamata wathu ku Joni akatumiza ndalama, tsiku lomwelo amagula simenti ndi malata, mawa lake mmisiri akukumba maziko, ndipo za mapepala zimakumbukiridwa pamene munthu wa ku khonsolo walemba chizindikiro chofiira pakhoma. Sindikuwaseka amene amachita zimenezi. Munthu amene anaona kwacha ikugwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ali ndi chifukwa chomveka choopera kusunga ndalama m'thumba. Kugula zipangizo msanga si kulakwa. Malata akhoza kudikira m'nyumba. Chimene sichibwezedwa ndi simenti imene yathiridwa kale m'maziko pamalo olakwika.

Choyamba chimene khonsolo imafunsa si kukongola kwa nyumba, koma umboni wakuti malowo ndi anu. Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Malo ochuluka m'maboma athu ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu, ndipo umboni umene ambiri ali nawo ndi tsamba long'ambidwa m'kope, lolembedwa ndi bolopeni, losainidwa ndi wogulitsa ndi mboni ziwiri zimene mwina imodzi inamwalira kale. Pepala lotere si lachabe, koma palokha n'lofooka. Tonse tamvapo za puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri, wina ndi mwana wa mwini malo, wina ndi mphwake. Wokonzekera bwino amayamba wapita kwa nyakwawa ndi kwa gulupu, n'kukafika kwa mfumu yaikulu, kuti kalatayo ikhale ndi chidindo ndiponso itchule malire momveka: kum'mawa kuli yani, kumadzulo kuli yani, kutalika ndi kufupika kwake ndi mamita angati. Malire onena kuti “kufika pamtengo wa mango” amatha tsiku limene mtengowo wadulidwa.

Lamulo la Customary Land Act la 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022, linabweretsa njira yolembetsera malo a makolo kuti banja likhale ndi chikalata chaumwini. Linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense, otsogozedwa ndi gulupuyo, okhala ndi mamembala 6 osankhidwa ndi anthu, ndipo osachepera atatu mwa iwo ayenera kukhala amayi. Ntchito yolembetsayi inayambira m'maboma ochepa monga Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo sinafike paliponse mofanana. Choncho musaganizire nokha. Pitani ku ofesi ya za malo pa boma, mukafunse kuti m'dera lanu pakalipano akulandira umboni wotani. Funso limeneli n'laulere, ndipo limapulumutsa maulendo atatu.

Pali nkhani ina imene sitikonda kuikamba poyera, koma ndi imene yang'amba mabanja ambiri. Kwathu kuno malo amayenda m'mbumba, kudzera kwa amayi. Mwamuna akakwatira chikamwini, n'kupita ku Johannesburg kapena ku Durban, ndalama zimene amatumiza zimamanga nyumba pamalo a kuchikazi. Zonse zimayenda bwino masiku a mtendere. Koma fomu ya khonsolo ili ndi mzere umodzi wofunsa dzina la mwini malo, ndipo mzere umenewu sudziwa manyazi. Kodi mulemba dzina la mkazi, la mwamuna, la onse awiri, kapena la mwinimbumba? Ndi bwino funsoli liyankhidwe pamphasa, ankhoswe a mbali zonse alipo, anthu akadali okondana, kusiyana n'kuti lidzayankhidwe kubwalo la milandu banja litatha kapena maliro atachitika. Chimodzimodzinso amene akutumiza ndalama kwa mchimwene kapena kwa amalume kuti awagulire puloti: aonetsetse kuti pepala lalembedwa m'dzina la mwini ndalama, ndipo alitumiziridwe chithunzi chake pafoni tsiku lomwelo.

Nanga malo a masiye? Ngati chikalata chili m'dzina la bambo amene anatisiya, mwana mmodzi sangangonyamuka n'kukapempha chilolezo ngati kuti malowo ndi ake yekha. Chuma chiyambe chagawidwa, aliyense woyenera kulandira alandire gawo lake, alongo ndi amayi amasiye osaiwalidwa, ndipo mapepala a boma asinthidwe motsata lamulo la chuma cha masiye la 2011. Kumanga pamalo osagawidwa ndi kumanga pamlandu. Nyumba yotere ikhoza kukhala ndi chilolezo cha khonsolo n'kukhalabe yopanda mtendere, pakuti chilolezo chomangira sichipatsa munthu umwini wa malo. Chimangonena kuti chimene akufuna kumangacho n'chololedwa pamalopo.

Amene ali ndi lizi asaganize kuti iwo apulumuka. Lizi imatchula ntchito imene malowo anaperekedwera, kaya ndi nyumba yogona, malonda kapena ulimi, ndipo imakhala ndi msonkho wa pachaka umene ambiri amauiwala kufikira tsiku limene akufuna chithandizo ku ofesi. Wogula malo a lizi ayambe wakafufuza m'kaundula wa za malo kuti aone ngati wogulitsayo ndiyedi mwini, ndiponso ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki. Kenako apeze katswiri woyeza malo wovomerezeka kuti adzaonetse mabikoni. Mabikoni amazulidwa, amasunthidwa ndi olima, ena amakwiririka mumchenga. Khoma lolowa theka la mita m'malo a mnansi limabala chidani chimene chimafika mpaka kwa zidzukulu.

Umwini ukatsimikizika, funso lachiwiri ndi lakuti: kodi malowa, ngakhale ali anga, ndi omangika? Apa tibwerere ku mzere wa mamita 477, chifukwa ambiri saumvetsa. Mzerewu suyezedwa ndi mapazi kuchokera pamene madzi ali lero. Ndi msinkhu wa nthaka. Pagombe la miyala ndi lokwera, ukhoza kukhala pafupi kwambiri ndi madzi. Pachidikha, pamene nthaka imakwera pang'onopang'ono, ukhoza kulowa kutali mkati mwa mudzi, kumene munthu sangaganize n'komwe kuti nyanja ingafike. Maso sangauone. Wogulitsa malo sangakuuzeni, mwinanso iye mwini saudziwa. Woyeza malo ndi zida zake ndi amene anganene kuti puloti yanu ili pamsinkhu wotani, ndipo ndalama imene mungamulipire ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa nyumba imene mafunde a mwera angaigumule maziko usiku umodzi.

Msewu nawo uli ndi malire ake. Pa misewu ikuluikulu, monga M5 yodutsa ku Salima ndi Nkhotakota, M3 yochokera ku Liwonde kufika ku Mangochi ndi M10 yolowera ku Monkey Bay, malo a msewu amafika mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Wamalonda aliyense amafuna khonde la sitolo yake lipsompsone phula, ndipo n'zomveka, pakuti kasitomala sakonda kuyenda. Koma tsiku limene bungwe la Roads Authority lidzafune kukuza msewu, womanga m'malo amenewa popanda chilolezo adzavutika kupeza poyambira kupempha chipukuta misozi. Yang'ananinso kumwamba ndi pansi: mawaya a ESCOM ali ndi mpata wake umene suyenera kumangidwa, mapaipi a madzi nawonso chimodzimodzi. A ku Cape Maclear ndi midzi yozungulira ali ndi malire enanso, a paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984.

Za makwawa, madambo ndi m'munsi mwa mapiri sindichulutsa mawu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ananena zonse ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche.

Njira yachidule yodziwira zonsezi ilipo, koma ndi ochepa amene amaigwiritsa ntchito. Musanalipire wojambula mapulani, pitani kwa mkulu woona za mapulani pa khonsolo yanu ndi kapepala kosonyeza pamene pali malowo, mumufunse ngati chimene mukufuna kumanga chikugwirizana ndi pulani ya deralo. Madera ena anasungidwira msika, sukulu, manda kapena msewu umene sunalambulidwe. Chigayo pakati pa nyumba zogona chikhoza kukanidwa ngakhale mapulani ake atakongola bwanji. Dziwaninso khonsolo yoyenera. Ku Mangochi kuli makhonsolo awiri, ya tauni ndi ya boma lonse, ndipo pempho lopita kolakwika limangogona m'kabati.

Tsopano ndi pamene ifika nthawi ya mapulani. Khonsolo simafuna chithunzi chimodzi cha nyumba yokongola. Imafuna pepala losonyeza pamene puloti ili m'deralo, kuti woyendera athe kuipeza. Lina losonyeza mmene nyumba ikhalire mkati mwa puloti, mipata yotsala kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, polowera, pamene pali chimbudzi ndi kumene madzi a mvula azipita. Ndi ena osonyeza zipinda, maonekedwe a kunja, maziko ndi denga. Nyumba yosanja imafunanso mapepala a injiniya otsimikizira kuti zipilala ndi silabu zidzapirira. Kawirikawiri amafuna makope angapo, chifukwa mapulaniwo amazungulira kwa a zaumoyo, a zomangamanga, a za malo ndi ena asanafike ku komiti yovomereza. Funsani chiwerengero chake musanapite kosindikiza. Ndipo funsani wojambulayo ngati ndi wolembetsedwa, chifukwa mapulani a munthu wosadziwika akhoza kubwezedwa musanakhale n'komwe pampando.

Chizolowezi chobwereka pulani ya mnansi n'kungosintha dzina chawonongetsa ambiri. Nyumba ikhoza kufanana, koma malo safanana. Pulani yojambulidwira nthaka yolimba ya ku Namwera siyenera mchenga wa ku Senga Bay.

Ndikhalitse pang'ono pa nkhani ya chimbudzi, chifukwa ndi pamene ambiri amaona ngati a khonsolo akungovuta. M'mphepete mwa nyanja madzi a pansi ali pafupi. Mukakumba dzenje m'chilimwe limaoneka louma, koma pofika Malichi ladzaza, ndipo zimene zili m'menemo zimayenda mumchenga kupita ku chitsime cha mnansi kapena kunyanja kumene ana amasamba ndi amayi amatsuka mbale. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi, Salima ndi Nkhotakota anali m'gulu la maboma amene analira kwambiri. Wa zaumoyo akafunsa kuti dzenje la zonyansa lili mamita angati kuchokera pachitsime, kapena akanena kuti limangidwe ndi simenti mkati, sakufuna kukuchedwetsani. Pa mafunso onse a pa fomu, limeneli ndi limene likukhudza moyo wa anthu amene sadzagona n'komwe m'nyumba yanuyo.

Makomiti a mizikiti ndi madrasa ali ndi zawozawo zofunika kuziganizira, ndipo ndinene mosabisa kuti ife sitinakhale chitsanzo chabwino nthawi zonse. Wachifundo akalonjeza kumanga mzikiti, amafuna zithunzi za makoma pasanathe miyezi itatu, ndipo komiti imaopa kuti ikachedwa thandizolo lipita mudzi wina. Mapepala amatsalira. Patapita zaka, amene anapereka malo uja akamwalira, adzukulu amabwera n'kunena kuti agogo anangobwereketsa. Malo operekedwa ngati wakfu alembedwe, asainidwe ndi woperekayo pamodzi ndi abale ake, mfumu ichitire umboni, ndipo akhale m'dzina la matrasiti olembetsedwa mwalamulo kapena la bungwe lodziwika, osati m'dzina la shehe kapena la wapampando wa lero. Shehe amasamuka, wapampando amasinthidwa, mzikiti umatsala.

Palinso nkhani ya chibula. Kuchokera kuno kwathu chibula chili kumpoto, kupendekera pang'ono chakum'mawa, ndipo puloti siimayang'ana kumeneko nthawi zonse. Mzikiti umayenera kukhala mopingasa pang'ono mkati mwa malo, ndipo ngodya imodzi ikhoza kudya mpata umene khonsolo imafuna kuti utsale kumalire. Wojambula amene sanauzidwe adzaujambula molunjika ndi msewu, khonsolo idzavomereza zimenezo, kenako tsiku lokumba maziko akuluakulu adzapotoza chingwe, ndipo chomangidwacho chidzasiyana ndi chovomerezedwa. Muuzeni wojambula za chibula asanagwire pensulo. Muuzeninso chiwerengero cha anthu a pa Ijumaa, osati cha Subuhi, pakuti zimbudzi, makomo otulukira ndi ngalande ya madzi a udhu ziyenera kuyezedwa ndi tsiku la khamu. Madzi a udhu a anthu mazana atatu akamathera pamsewu, dandaulo la anansi limakhala loona. Ngati malowo ali m'mbali mwa msewu waukulu, ganizirani kumene ana a madrasa azidzawolokera ndi kumene njinga ndi magalimoto azidzaima. Kucheza ndi anansi, Asilamu ndi ena omwe, pempho lisanapite, kumachotsa minga yambiri panjira.

Kumbukiraninso kuti kuyambira mu 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Komiti imene yaumba kale uvuni wa njerwa za sukulu ikhoza kudzidzimuka. Ntchito zikuluzikulu, kapena zimene zili pamalo osachedwa kuwonongeka monga gombe, zikhoza kufunanso kuunikidwa ndi bungwe la Malawi Environment Protection Authority motsata lamulo la zachilengedwe la 2017. Zimenezinso zifunsidwe koyambirira.

Tsiku lopereka pempho likafika, pali ndalama yolipira kuti mapulani aunikidwe, ndipo kawirikawiri imatengera kukula ndi mtundu wa nyumbayo. Lipirani pamalo ovomerezeka, landirani risiti ya khonsolo, sungani kope la chilichonse chimene mwapereka, ndipo lembani tsiku ndi nambala ya pempho lanu. Panja pa maofesi ambiri pamakhala adobadoba olonjeza kuti chidindo chituluka mawa. Chidindo chotuluka mawa chimakhala chabodza kapena chogulidwa, ndipo zonse ziwiri zimasiya mwini nyumba pamavuto pamene dobadoba uja wasowa. Wopereka chiphuphu asadzinamize kuti tchimo lili kwa wolandira yekha. Komanso chiphuphu chikhoza kugula siginecha, koma sichingakweze puloti kuchoka pa mamita 476 kufika pa 478.

Risiti si chilolezo. Ambiri akangolipira amayamba kumanga, poganiza kuti zotsalazo ndi mwambo chabe. Dikirani kalata ndi mapulani odindidwa, ndipo kalatayo muiwerenge yonse, chifukwa chilolezo chimabwera ndi mfundo zoyenera kutsatidwa komanso chili ndi nthawi yake imene chimatha ngati ntchito sinayambe. Mukakanidwa, pemphani zifukwa zolembedwa. Nthawi zambiri ndi zinthu zokonzeka, monga kusuntha chimbudzi kapena kuchepetsa khonde, ndipo ngati simukukhutira lamulo limapereka mwayi wokadandaula ku Physical Planning Council. Mukavomerezedwa, mangani chimene chavomerezedwa. Kuonjezera zipinda zitatu kumbuyo chifukwa simenti yatsala kumasandutsa nyumba yololedwa kukhala yosaloledwa.

Koma chilungamo chimafuna kuti tiyang'anenso mbali inayo. N'kosavuta kudzudzula msodzi amene wamanga popanda pepala, koma nyumba zambiri zimene zinamira mu 2024 sizinali za asodzi. Zinali za anthu odziwa malamulo, okhala ndi maloya, ndipo zinamangidwa masana dzuwa likuswa mtengo, akuluakulu akudutsa pamsewu. Lamulo likamaluma wosauka n'kumanyambita wolemera, anthu amasiya kuliopa n'kuyamba kulinyoza. Chachiwiri, boma likunena za mzere wa mamita 477, koma m'midzi yambiri ya m'gombe mulibe chipilala kapena chikwangwani chosonyeza pamene mzerewo wadutsa. Kodi mayi wa ku Makanjira audziwa bwanji? Ulendo wochokera kwawoko kukafika ku Mangochi boma umadya tsiku ndi ndalama zambiri, ndipo akafika n'kuuzidwa kuti bwana apita kumsonkhano, abwerenso sabata yamawa, sadzabweranso. Maofesi a mapulani m'makhonsolo athu ali ndi antchito ochepa, ndipo malo ambiri ochitira malonda akukula popanda pulani imene munthu angaione ndi maso.

Pa 16 Seputembala 2025 tinasankha makhansala pamodzi ndi aphungu ndi mtsogoleri wa dziko. Zimene tingawapemphe pa nkhaniyi si zodula. Mitengo ya chilolezo ikhomedwe pakhoma pamene aliyense angaione, kuti dobadoba asowe chonamizira. Mndandanda wa mapepala ofunika ulembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, ufike kwa mafumu, m'mizikiti ndi m'matchalitchi. Masiku amene komiti yovomereza mapulani imakumana alengezedwe, kuti wopempha adziwe kuti adikira mpaka liti. Woona za mapulani azikhala ndi tsiku lokayendera madera akutali m'malo modikira kuti onse abwere ku boma. Ndipo khonsolo, mogwirizana ndi bungwe loyang'anira madzi, izike zipilala za simenti pa mzere wa 477 m'midzi ya m'gombe, kuyambira kumene malo akugulitsidwa kwambiri. Mfumu imene ili ndi chipilala chotere m'mudzi mwake idzakhala ndi poloza pokana wogula, ndipo imene idzagulitsebe kunsi kwake sidzakhala ndi ponamizira.

Pamene tikudikira zimenezo, kalendala ya nyanja ikhoza kutithandiza. Madzi amakhala otsika kwambiri cha mu Novembala ndi Disembala, mvula isanakhazikike, ndipo amafika pachimake cha mu Epulo ndi Meyi. Ogulitsa malo a m'gombe amakonda kuonetsa mapuloti m'chilimwe, mchenga uli mbee, gombe lili lalikulu. Wofuna kugula akaonenso malowo mu Epulo, afunse okalamba a pamudzipo pamene madzi anafika mu 1980 ndi mu 2024, ayang'ane zipsera za madzi pamakoma ndi pamitengo yoyandikana nayo. Miyezi ya mvula, imene kumanga kumavuta kale, ndiyo yoyenera kuthamangitsa makalata a mafumu, woyeza malo ndi wojambula mapulani, kuti pempho likhale lili ku khonsolo dzinja lisanathe, ndipo mmisiri adzayambe ntchito mu Juni kapena Julayi nthaka itauma.